Mfuti ya Boma Imvera Yani? Phunziro Locokera ku Chadiza

Nkhani ya asilikari ndi ya ubale wa dziko la Zambia ndi maiko ena imveka ngati nkhani ya akuluakulu okha okhala m'maofesi a ku Lusaka. Munthu wotuluka m'mgodi ku Mufulira kapena ku Chingola, atatopa ndi nchito ya usiku, akamva pa wailesi kuti nduna yapita kunja kukakambirana za citetezo, kawirikawiri angopotoza wailesiyo kufuna nyimbo. Komatu zimene apangana m'maofesi amenewo sizithera momwemo ai. Zitsika ndi mseu waukulu wa kum'mawa, ziwoloka Luangwa, nizikafika pakhomo pa mlimi amene munda wace wathera pamalire. Omvera ambiri a kumigodi ndi a m'matauni ali ndi makolo ndi alongo ku Chadiza, ku Katete ndi ku Petauke. Mbiri ya maboma amenewa ionetsa poyera cifukwa cace eni dziko ayenera kudziwa amene alamulira mfuti ya boma, ndiponso amene ali ndi mphamvu ya kumfunsa wolamulirayo.

MALIRE ODULA MTUNDU PAKATI

Boma la Chadiza liri kumwera kwa Chipata, ndipo kumwera kwace kuli cigawo ca Tete ca dziko la Mozambique. Anthu ace ambiri ndi Acewa a mafumu monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, alimi a cimanga, nshawa, thonje ndi fodya, oweta ng'ombe zambiri. Amene akhala tsidya lija la malire ndi Acewa omwewo, a cilankhulo comweco ndi mafuko omwewo, Abanda ndi Aphiri. Malirewo anaika ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lao la pa 11 June, 1891, osafunsa mfumu ngakhale imodzi ya eni nthaka. Kufikira lero, mwezi wa August uli wonse, mafumu a Cicewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi pamwambo wa Kulamba. Tsono pamene maboma awiri adana, munthu wa ku Chadiza aona kuti amene achedwa mdani wa dziko ali kukhala m'mudzi wa amalume ace. Pamene agwirizana, iye ndiye ayamba kupindula, pakuti apita kumaliro, kuukwati ndi kumsika tsidya lija popanda mantha.

M'masiku a atsamunda funso lakuti mfuti imvera yani linali ndi yankho lalifupi: inamvera London. Gulu la asilikari lochedwa Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa m'caka ca 1933, ndipo pankhondo yaikulu ya 1939 kufikira 1945 anyamata a dziko lino anakamenya ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma. Anamenya molimba mtima, koma makolo ao sanafunsidwe ngati nkhondoyo inali yao. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, lamulo la asilikari linacokera ku Salisbury. Pa 24 October, 1964, pamene mbendera ya Zambia inakwera, mphamvu yonseyi inabwera kwao kwa eni dziko. Mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu, Dr Kenneth Kaunda, anakhala mkulu wa magulu onse a nkhondo. Ngakhale zinatero, kufikira caka ca 1970 woyendetsa gulu la asilikari a pamtunda anali Mngerezi, ndipo Kingsley Chinkuli ndiye Mzambia woyamba kulandira udindo umenewo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Dziko latsopanoli linabadwa pakati pa moto. Kum'mawa kunali Apwitikizi ku Mozambique, kumadzulo Apwitikizi omwewo ku Angola, ndipo pa 11 November, 1965, Ian Smith anaukira ulamuliro wa Angerezi ku Rhodesia kuti azungu ocepa apitirize kulamulira. Boma la Kaunda linasankha njira yothandiza omenyera ufulu a maiko amenewa. Linawapatsa malo a maofesi ku Lusaka, ndi kulandira othawa ao. Akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako, ndipo maganizo a boma anali otero. Koma akale omwewo anatinso walira mvula walira matope. Matope a cisankho cimeneci anayamba kugwera anthu awiri: wa kumigodi ndi wa kumalire.

Wa kumigodi anaona kuti mkuwa umene anaukumba unasowa njira yopitira kunyanja. Njanji yakale inapita kumwera kudzera m'Rhodesia, ndipo m'mwezi wa January, 1973, malire a kumeneko anatsekedwa. Njanji ya ku Lobito m'dziko la Angola inaleka kuyenda m'caka ca 1975 cifukwa ca nkhondo. Pofuna njira zina, panamangidwa mpope wa mafuta wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, umene unatha mu 1968, ndi njanji ya TAZARA yofika ku Kapiri Mposhi, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Zonsezi zinadya ndalama zambiri.

Wa kumalire analipira ndi mwazi. M'caka ca 1968 gulu la FRELIMO linayambitsa nkhondo yace m'cigawo ca Tete, ndipo ankhondo ace ambiri analowa kumeneko kudzera m'dziko la Zambia. Apwitikizi anabwezera mkwiyo wao pa midzi ya m'malire. Pa 30 June, 1969, ndege zao zinaponya mabomba pamudzi wa Lote m'boma la Katete, loyandikana ndi Chadiza, ndipo anthu wamba anafa.

Cimene boma linacita pambuyo pace ndico ciyenera kukumbukika. Linali ndi asilikari, ndipo mitima ya anthu inali itawawa, koma silinalamule kuti awoloke kukabwezera. Linadziwa kuti nkhondo yoonekera ndi dziko la Portugal ikanapsereza midzi yonse kuyambira ku Luangwa kufikira ku Chadiza. M'malo mwace linatuma kazembe wace, Vernon Mwaanga, kukatula mlandu ku New York pabwalo la United Nations losungitsa mtendere, lochedwa Security Council. Pa 28 July, 1969, bwalolo linadzudzula dziko la Portugal ndi mau amphamvu, ndipo dzina la mudzi wa Lote linalembedwa m'ciweruzo cace ca nambala 268. Maiko 11 anavomereza, ndipo anai, ndiwo Britain, America, France ndi Spain, anakhala cete osaponya voti. Ciweruzoco sicinaukitse akufa, ndipo ciwawa ca m'malire sicinathe tsiku lomwelo. Koma cinasonyeza kuti mfuti ya Zambia inali m'manja mwa anthu oyamba aganiza asanaombe. Patapita zaka zisanu, boma la ku Lisbon litagwa mu April, 1974, a FRELIMO ndi Apwitikizi anasaina pangano la ufulu mu mzinda wa Lusaka momwemo pa 7 September, 1974, ndipo Mozambique anadzilamulira pa 25 June, 1975.

ZAKA ZOGONA M'THENGO

Anthu a kumalire anayesa kuti tsopano adzapuma, koma mpumulowo unali waufupi. Boma la Smith linathandiza kuyambitsa gulu loukira boma latsopano la Mozambique, ndipo Rhodesia atasanduka Zimbabwe mu 1980, boma la tsankho la ku South Africa ndilo linalitenga ndi kulikuza. Gululi ndilo RENAMO, limene anthu ambiri analicha Matsanga potsata dzina la mtsogoleri wace woyamba, André Matsangaissa. Pa 19 October, 1986, Samora Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini pobwerera kwao kucokera kumsonkhano wa atsogoleri umene unacitikira ku Mbala m'dziko la Zambia. Nkhondo ya ku Tete inakula, ndipo anthu zikwi zambiri anathawira ku Chadiza, ku Katete ndi ku Petauke. Eni midzi anawalandira monga abale, pakuti analidi abale. M'caka ca 1987 boma, pamodzi ndi nthambi ya United Nations yoona za othawa nkhondo, linatsegula malo a Ukwimi m'boma la Petauke, kuti othawawo akhale kutali ndi malire ndi kulima minda yaoyao.

Kuyambira caka comweco ca 1987 zigawenga za RENAMO zinayamba kuwoloka malire ndi kugwera midzi ya Zambia. Zinafuna cakudya, ng'ombe, zovala ndi mankhwala, ndiponso zinayesa Zambia bwenzi la boma limene zinali kulimbana nalo. Zinabwera usiku, kupha anthu, kufunkha masitolo ndi kugwira ena kuti asenze katundu wolandidwayo kunka naye kuthengo. Mabanja ambiri a m'malire a Chadiza analeka kugona m'nyumba. Ena anasiya minda yao yaconde nasamukira kufupi ndi boma, ana naleka sukulu. Ambiri a kumigodi akumbukira makalata a zaka zimenezo, ndi abale amene anafika ku Kitwe ndi ku Luanshya ali ndi kamtolo kokha. Boma linatumiza asilikari kukalonda malire, ndipo m'caka ca 1988 linalengeza kuti asilikariwo analondola zigawenga mpaka kulowa m'dziko la Mozambique. Asilikari wamba anagwira nchito yowawa, m'malire aatali a mapiri ndi nkhalango, ndipo ayenera ulemu.

Koma pali mafunso amene mlimi wa ku Chadiza anali nao pa nthawi imeneyo, ndipo anasowa powatula. Kodi asilikari otumidwawo anakwanira? Kodi anali ndi magalimoto, mafuta ndi cakudya cokwanira kuti afike msanga pamene mfuu yamveka? Kodi ndalama zopatsidwa ku citetezo zinafika kumalire kapena zinathera panjira? Masiku amenewo Zambia anali dziko la cipani cimodzi, kuyambira kumapeto kwa 1972 kufikira kumapeto kwa 1990. Malamulo a nthawi ya ngozi, opatsa boma mphamvu ya kutsekera munthu popanda kumzenga mlandu, anakhalapo kuyambira 1964 kufikira 1991. Kwa zaka zambiri ndalama za asilikari sizinalembedwe mwatsatanetsatane m'buku la cuma loikidwa pamaso pa Nyumba ya Malamulo, kotero kuti phungu sanathe kudziwa bwino cimene cagulidwa ndi mtengo wace.

Cinsinsi cimeneci cinali ndi cifukwa cace, ndipo sikuyenera kucipeputsa. Akazitape a Smith ndi a ku Pretoria analidi m'dziko. Pa 19 October, 1978, ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi kufupi ndi Lusaka, ndipo caka cotsatira ankhondo ao anagwetsa milatho ya pa Chambeshi. Munthu wozingidwa ndi adani saulula pamene wabisa mkondo wace. Komabe cinsinsi ciri ngati mdima: cibisa mlonda kwa mbala, koma cibisanso mlonda wogona kwa mwini nyumba. Pamene kufunsa kwaletsedwa, colakwa cikhala nthawi yaitali osakonzedwa, ndipo amene amva kuwawa kwace ndiye wokhala kutali ndi Lusaka.

PAMENE MFUTI ITEMBENUKIRA MKATI

Pali ngozi inanso imene dziko liri lonse lokhala ndi asilikari liyenera kuicenjerera, ndiyo yakuti mfuti yogulidwa kuti ilonde malire itembenukire kwa eni ace. Maiko ambiri a mu Africa anagwa m'dzenje limeneli: Ghana ndi Nigeria mu 1966, Uganda mu 1971. Zambia nayenso anayesedwa. Pa 30 June, 1990, patangopita masiku ocepa anthu atacita cipolowe cifukwa ca kukwera mtengo kwa ufa, msilikari wina, Lieutenant Mwamba Luchembe, analowa m'nyumba ya wailesi ku Lusaka nalengeza kuti asilikari atenga boma. Pa 28 October, 1997, Captain Stephen Lungu, wodzicha Captain Solo, anacita cimodzimodzi. Onse awiri analephera m'maola owerengeka, pakuti unyinji wa asilikari unakana kuwatsata.

Ici ndi cuma cimene dziko la Zambia liri naco, coposa ndege ndi akasinja. Mu 1991 Kaunda anagonja pacisankho napereka mpando kwa Frederick Chiluba, amene kale anali mtsogoleri wa mabungwe a anchito. Mu 2011 Rupiah Banda anapereka kwa Michael Sata, ndipo mu 2021 Edgar Lungu anapereka kwa Hakainde Hichilema. Katatu konseko asilikari anakhala m'misasa yao, nacitira sawasha amene anthu anamsankha. Mwambo wotere sugwa kumwamba ngati mvula. Uleredwa ndi malamulo, ndi maphunziro a asilikari eni ace, ndi maso a anthu.

MTENDERE UNABWERA NDI MAU

Mantha a ku Chadiza sanathe cifukwa cakuti zigawenga zonse zinaphedwa ai. Anatha cifukwa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, atakambirana zaka ziwiri kudzera mwa nthumwi zao ndi thandizo la ankhoswe a mpingo, anasaina pangano la mtendere ku Rome pa 4 October, 1992. M'caka ca 1993 asilikari a Zambia analowanso m'dziko la Mozambique, koma tsopano anavala zisoti za United Nations, pamodzi ndi anzao a ku Botswana, Italy, Bangladesh ndi Uruguay, kukalonda miseu ndi njanji kufikira cisankho ca mu October, 1994. Othawa nkhondo a ku Ukwimi ambiri anabwerera kwao, ndipo anthu a m'malire anatsekulanso minda imene inali itamera chire.

Nkhondo ikatha isiya minga yace m'nthaka. Mabomba okwirira anatsala m'madera ena a m'malire a Zambia, kudikira phazi la mbusa kapena khasu la mlimi. Maiko ambiri anapangana ku Ottawa mu 1997 kuti mabomba otere aletsedwe ndi kuzulidwa. Zambia anavomereza panganolo mu 2001, ndipo mu 2009 analengeza kuti watsiriza nchito imene panganolo linamlamula. Apa paoneka kuti pepala losainidwa kutali lingathe kufika pamunda wa munthu wosadziwa ngakhale kumene Ottawa ali. Masiku ano malole a katundu awoloka pacipata ca Chanida, pamseu wocokera ku Katete kunka ku Tete ndi kudoko la Beira, ndipo maboma a Zambia ndi Mozambique ali ndi bungwe lao lokhazikika lokambirana za citetezo ca m'malire. Nchito ya kazembe ndi nchito ya msilikari ziri ngati ng'ombe ziwiri za pagoli limodzi. Imodzi ikathamanga yokha, mzere ukhota.

MONGA ONGA WA M'MGODI

Anthu a kumigodi ndiwo angamve nkhani iyi msanga koposa ena onse, pakuti tsiku ndi tsiku agwira nchito ndi onga wophwanyira miyala. Popanda ongawo mkuwa sutuluka, koma palibe mgodi umene uusiya poyera. Usungidwa m'nyumba yaceyace yokhoma. Wotuluka ulembedwa, ndipo wotsala ubwezedwa ndi kulembedwanso. Wophulitsa akhala ndi ciphaso, ndipo saphulitsa pa nthawi imene wakonda yekha, koma pa nthawi yoikika, anthu atacenjezedwa. Pamwamba pa zonsezi pabwera woyendera migodi wa boma kudzaona mabuku. Palibe wophulitsa wanzeru amene ayesa malamulo amenewa cipongwe kwa iye, pakuti adziwa kuti asunga moyo wace womwe. Magulu a nkhondo ndiwo onga wa dziko, ndipo malamulo aakulu a Zambia, monga anakonzedwa m'caka ca 2016, aika maloko angapo pakhomo pace.

Loko woyamba ndi wakuti magulu atatu, ndiwo asilikari a pamtunda, a m'mlengalenga ndi a Zambia National Service, akhale pansi pa ulamuliro wa anthu wamba osankhidwa, ndipo asatsate cipani ciri conse. Mkulu wao onse ndiye Mtsogoleri wa dziko, amene anthu angathe kumcotsa ndi voti. Iye ndiye asankha akulu a maguluwo ndi akazembe, ndipo ndiye angalengeze nkhondo atapangana ndi nduna zace.

Loko waciwiri ndi ndalama. Palibe cipolopolo, nsapato kapena thumba la ufa la msilikari limene ligulidwa popanda ndalama za msonkho, ndipo msonkho ucokera m'thumba la wanchito wa m'mgodi, wa m'sitolo ndi mlimi wogulitsa thonje. Caka ndi caka Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza ndalama za unduna wa citetezo ndi za unduna woona za maiko akunja. Malamulo a 2016 anaonjeza kuti ngongole za boma ndi mapangano a pakati pa Zambia ndi maiko ena ayambe avomerezedwa ndi Nyumbayo. Anatinso Mtsogoleri akatumiza asilikari kunja kwa dziko, audziwitse msonkhano wa aphungu msanga monga kungatheke.

Loko wacitatu ndi komiti ya aphungu yoona za citetezo ca dziko ndi za maiko akunja. Komiti imeneyi iri ndi aphungu a zipani zosiyana, ndipo iri ndi mphamvu ya kuitana akuluakulu a maunduna kuti adzayankhe mafunso, ya kuyendera misasa ndi zipata za m'malire, ndi ya kulemba zimene yapeza kuti Nyumba yonse ikambirane. Loko wacinai ndi mkulu wowerengera cuma ca boma pamodzi ndi mabwalo a milandu. Pakati pa 2007 ndi 2009 mabwalo a ku Lusaka anapeza olakwa akuluakulu ena amene kale anatsogolera magulu a nkhondo, pamilandu ya ziphuphu ndi kuononga cuma ca boma. Anthu anaona ndi maso ao kuti nyenyezi za paphewa sizimcotsa munthu pansi pa lamulo.

Komatu loko ndi loko pamene wina akumbukira kukhoma. Malamulo alamula kuti aphungu adziwitsidwe asilikari akatumidwa kunja, koma kudziwitsidwa sikufanana ndi kufunsidwa. Mau akuti "cinsinsi ca boma" angathe kuphimba zoyenera kubisika ndi zosayenera zomwe. Okonda mpira a kumigodi sadzaiwala usiku wa pa 27 April, 1993, pamene ndege ya asilikari a m'mlengalenga inagwa m'nyanja kufupi ndi Libreville m'dziko la Gabon, nipha anthu onse 30, pakati pao osewera 18 a timu ya dziko. Amasiye anadikira zaka khumi, kufikira 2003, kuti amve zimene ofufuza a ku Gabon anapeza: kuti injini imodzi inaonongeka, ndipo woyendetsa, ali wotopa, anazimitsa inzace imene inali yabwino. Mafunso onena za ukalamba wa ndege ndi kasamalidwe kace ndiwo amene aphungu ayenera kufunsa ngozi isanagwe, osati m'manda mutadzala kale.

GAWO LA MUNTHU WAMBA

Wina adzati, nanga munthu wosauka wa m'komboni angacitenji pa zinthu zazikulu zotere? Angacite zambiri. Safunsa anadya phula. Pamene ofuna uphungu abwera kudzapempha voti, afunsidwe za miseu ndi feteleza, inde, koma afunsidwenso ngati anawerengapo zimene komiti ya citetezo inalemba, ndi cimene adzanena boma likafuna kubwereka ndalama zogulira zida. Mabungwe a anchito, mipingo ndi mafumu angathe kulembera komitiyo ndi kukaonekera pamaso pace. Phungu wa dera la m'malire monga Chadiza ali ndi mangawa aakulu koposa anzace, pakuti anthu ace ndiwo ayamba kumva fungo la utsi moto ukabuka tsidya lija.

Okhala m'malire nao ali ndi gawo lao. Ng'ombe zikabedwa ndi kuwolotsedwa, mwini wace asasonkhanitse anyamata ndi mikondo kukazilanda yekha, pakuti ndeu ya anthu khumi ingathe kusanduka mlandu wa maiko awiri. Akanene kwa mfumu ndi kwa apolisi, amene ali ndi njira yolankhulira ndi anzao a tsidya lija. Wopeza citsulo cacilendo m'munda asacikhudze, koma aike cizindikiro ndi kukauza a boma. Ndipo mnyamata wofuna kulowa usilikari adziwe kuti alumbira kutumikira dziko ndi malamulo ace, osati munthu mmodzi kapena mtundu umodzi.

Kufunsa za asilikari sikunyoza asilikari. Msilikari wolonda malire usiku wa mvula afuna kuti nsapato zace zifike, kuti galimoto lace likhale ndi mafuta, ndi kuti asatumidwe kukafera nkhondo imene ikanapewedwa ndi kukambirana. Iye ndiye ayamba kupindula pamene mabuku awerengedwa ndi mafunso ayankhidwa. Anthu a ku Chadiza anaona mabomba a Apwitikizi akugwa m'boma la anansi ao, anagona m'thengo m'zaka za Matsanga, ndipo anaona mtendere ukubwera ndi pangano. Iwo adziwa mtengo wa cisankho ciri conse cimene boma licita pa za maiko ena, pakuti anaulipira. Abale ao a kumigodi ndi a m'matauni, amene akhala kufupi ndi aphungu, manyuzipepala ndi maofesi, ndiwo ali ndi mwai wa kuwafunsira, ndipo ayenera kuugwiritsa nchito nthawi ya mtendere ikalipo.